Kampira kodumpha ndi logo ya masekondi 6

Sabata ino ndinali ndi ntchito ziwiri: kuyendetsa logo ya kasitomala wina ngati kanema kwa masekondi 6, ndi kuyang'anira mtsikana wa sukulu ya design amene wabwera kudzaphunzira ntchito mu situdiyo yathu. Yachiwiriyi ndi imene inandidyera nthawi, koma sindikudandaula.

Mtsikanayu dzanja ali nalo. Mitundu amasankha bwino, ndipo zilembo amadziwa kuzitalikitsa moyenera. Koma Lolemba atangotsegula After Effects, pulogalamu yoyendetsera zithunzi, anathamangira ma template (zitsanzo zopangidwa kale) ndi ma plugin (timapulogalamu towonjezera), kufuna kuti logo itulukire mu utsi ndi nyenyezi. Ndinamuuza atseke zonsezo. Ndinamujambulira kampira ndi mzere pansi pake, n'kumuuza kuti kampirako kagwe, kadumphedumphe mpaka kaime.

"Bwana, zomwezi basi?"

"Zomwezo, chemwali. Ukamaliza undiitane."

Sanachedwe kundiitana. Kampira kake kankatsika ndi liwiro limodzi kuchokera pamwamba mpaka pansi, n'kukweranso chimodzimodzi, ngati kakukokedwa ndi chingwe. Ndi mmene pulogalamuyi imachitira ukaika ma keyframe awiri, osonyeza poyambira ndi pothera, n'kuisiya: imagawa mtunda mofanana pa frame iliyonse, kutanthauza chithunzi chimodzichimodzi cha kanema. Chinthu cholemera sichigwa choncho. Chimanyamuka mwaulesi, liwiro n'kumakula, chikagunda pansi chimabwerera ndi mphamvu, kenako chimafooka chikamafika pamwamba.

Iye anadina F9, batani la Easy Ease, lofewetsa kanyamukidwe ndi kaimidwe, limene wophunzira aliyense amalidziwa asanadziwe china chilichonse. Zinaipiratu. Tsopano kampira kankachepetsa liwiro kasanafike pansi, kuchita kutera mosamala. Apa ndi pamene tinatsegula Graph Editor, malo amene kayendedwe ka chinthu kamaoneka ngati mzere umene ungaukhotetse, ndipo tinakhalamo Lachiwiri lonse. Tinalekanitsa X (chopingasa) ndi Y (chokwera ndi chotsika) ndi Separate Dimensions kuti kupita kutsogolo kusasokonezane ndi kudumpha. Mzere wa Y uyenera kukhota mofewa pamene mpira uli m'mwamba, koma pogunda pansi ukhale wosongoka ngati nsonga ya chilembo V. Kudumpha kulikonse kotsatira kukhale kwakufupi msinkhu, kutengenso ma frame ochepa kuposa koyamba. Ophunzira ambiri amakumbukira kuchepetsa msinkhu n'kuiwala nthawi, ndiye mpira umaoneka ngati wayamba kuyandama.

Kenako kuphwanyika. Mpira ukagunda pansi umafwafwanyika kwa frame imodzi kapena awiri, osapitirira. Msinkhu ukatsikira pa 80 peresenti, m'lifupi mukwere kufika pa 125, kuti diso lisaone ngati mpira wachepa thupi. Ndipo anchor point, kadontho kamene chinthu chimakulira kapena kuchepera kuchokera pamenepo, ikhale pansi pa mpira, apo ayi umafwafwanyika uli m'malere. Izi si zanga. Zili pa mfundo 12 zimene Frank Thomas ndi Ollie Johnston a ku Disney analemba m'buku lawo la 1981, pofotokoza makatuni ojambula ndi pensulo. Zida zasintha, koma ine sindinaonepo logo yoyenda bwino imene ikuphwanya mfundo zimenezi.

Lachitatu tinabwerera ku ntchito yolipiridwa. Fayilo ya logo ya mu Illustrator, pulogalamu yojambulira, inabwera zonse zili pa layer (chigawo) imodzi, monga mwa masiku onse, ndiye mtsikanayu anagawa chilembo chilichonse pachokha n'kupatsa layer iliyonse dzina. Ndi ntchito yotopetsa, ndipo palibe amene amaiika mu portfolio. Ya pa TV inafunika ma frame 25 pa sekondi, kutanthauza ma frame 150 onse pamodzi, pa 1920 ndi 1080. Ya pa foni ndi yoimirira, 1080 ndi 1920, ndipo sungangotembenuza yoyamba ija: dzina lalitali limene limakwana chopingasa liyenera kudulidwa mizere iwiri, kalowedwe kake n'kusinthanso. Ndinamupatsa zilembo kuti aziyendetse yekha. Anazisiyanitsa ndi ma frame awiri, chilichonse chikupitirira pang'ono malo ake n'kubwerera. Sindinakonzepo kanthu.

Lachinayi kasitomala anati akufuna kuti "ikhale yamoyo pang'ono". Tinafulumizitsa chiyambi, logo yathunthu n'kuisiya chiimire nthawi yotalikirapo kuti munthu awerenge dzina. Anavomera.

Anapemphanso ya mu app, ndipo apa kutseka ma plugin kuja kunatipulumutsa. Za mu app timazitulutsa ndi chida chotchedwa Bodymovin kukhala fayilo ya JSON imene Lottie, kapulogalamu koonetsa zoyenda mu app, amaisewera, ndipo njira imeneyi imakonda ma shape layer wamba, kutanthauza zojambula za mizere ndi mitundu basi. Utsi ndi kuwala kwa ma plugin sizidutsa. Tikanayenera kuyambiranso.

Lachisanu anandifunsa ngati ayambe Blender, pulogalamu ya 3D, poti anzake kusukulu onse ali pa 3D. Ndinamuuza ayambe, ndi yaulere ndipo ntchito zake zilipo. Kungoti 3D imawonjezera kuwala, kamera ndi maola odikira kuti kompyuta itulutse kanema (render) pamwamba pa vuto lomweli la nthawi, ndipo Graph Editor akaipezanso komweko. Amene sanathe kuyendetsa chinthu chafulati amangobisa kulepherako ndi kunyezimira.

Ya TV tinatumiza madzulo mu fayilo ya mtundu wa ProRes, ya foni mu H.264. Ya Lottie yatsala, chifukwa wopanga app akuti mthunzi wa chilembo chomaliza sukuoneka pa Android. Imeneyo ndamusiyira mtsikanayu kuti aifufuze Lolemba.