Kutenga chiletso sikupambana mlandu

Anthu akangomva kuti khoti lapereka chiletso amati basi, wapambana. Ayi ndithu. Mu 2020 ku England, pa mlandu wa Melford Capital Partners wokhudza zinsinsi za kampani, jaji adapereka chiletso chongoyembekezera n'kulamulanso woletsedwayo kuti alipire maloya a mbali inayo. Khoti la apilo lidakana, lidati za ndalamazo zidikire mlandu weniweni uzengedwe.

Ine ndikugwirizana nazo kwathunthu. Pa nthawi imeneyo jaji amangoona ngati pali nkhani yoyenera kuzengedwa komanso mbali imene ingapwetekeke kwambiri, potsatira chigamulo cha American Cyanamid cha 1975, chomwe makhoti athu ku Malawi amagwiritsanso ntchito. Mboni sizinafunsidwe n'komwe, ndiye munthu alipire bwanji?