Kukonzekeretsa mawu: opera ndi masewero oimba a ku Broadway

Woimba opera amaima pa siteji wopanda maikolofoni, ndipo patsogolo pake pamakhala gulu la oimba zida oposa 60. Komabe munthu wokhala mpando wakumbuyo amamumva bwinobwino. Ambiri amaganiza kuti chinsinsi ndi kukuwa. Ayi ndithu. Katswiri wofufuza za mawu, Johan Sundberg wa ku Sweden, anafotokoza m'zaka za m'ma 1970 kuti mawu ophunzitsidwa bwino amakhala ndi mphamvu yapadera pafupi ndi 3000 Hz (Hz ndi muyeso wa kukwera kwa mawu, kutanthauza kunjenjemera kangati pa sekondi), pamene phokoso lalikulu la zida limakhala cha m'ma 500 Hz. Mawu amadutsa pamwamba pa zidazo, salimbana nazo. Mphamvu yapaderayi imabwera kholingo likatsika pang'ono, mmero ukatseguka monga zimakhalira munthu akayamba kuyasamula, ndipo kampata ka pamwamba pa timinofu ta mawu (timinofu tiwiri ta m'kholingo timene timanjenjemera n'kutulutsa mawu) kakachepa.

Masewero oimba a ku Broadway (ku New York) ndi ku West End (ku London) ndi nkhani ina. Kumeneko maikolofoni amamatidwa pachipumi kapena patsaya, choncho vuto si kumveka patali. Vuto ndi kupirira, popeza sewero limaonetsedwa kasanu ndi katatu pa sabata, ndipo woimba amalankhula, kuvina ndi kuimba nthawi imodzi. Kaimbidwe kotchedwa belting kamafuna kholingo lokwera pang'ono, kamwa lotambasukira m'mbali, ndi mawu oyandikana ndi olankhulira. Chodabwitsa n'chakuti belting imafuna mpweya wochepa. Amene amaukankha wambiri ndiye amasasa mawu sabata isanathe.

Poyambira pa zonsezi ndi mpweya. Ikani manja pa nthiti za m'munsi, kokerani mpweya mpaka nthiti zitambasuke, mapewa asakwere. Kenako tulutsani ndi "sss" kwa masekondi 20, nthiti zikhalebe zotambasuka mpaka chakumapeto. Kapumidwe kameneka aphunzitsi a ku Italy amati appoggio. Nthiti zikagwa msanga, khosi ndilo limatenga ntchito, ndipo mudzaona mitsempha ikutukumuka m'khosi, nsagwada ikuuma.

Kutenthetsa mawu kusapitirire mphindi 15 kapena 20. Yambani ndi kunjenjemeretsa milomo, "brrr", mukutsetsereka kuchokera pansi kukwera pamwamba. Kenako tengani kampope komwera zakumwa, muike nsonga yake m'madzi kuya masentimita awiri kapena atatu, n'kumaimbira mmenemo kwa mphindi zitatu. Katswiri wa za mawu, Ingo Titze wa ku America, ndiye anafalitsa kwambiri njira ya kampopeyi. Mpweya wina umabwerera m'mbuyo n'kuchititsa kuti timinofu ta mawu tisamamenyane mwamphamvu. Yang'anani thovu: likamatuluka mofanana, mpweya uli bwino, koma madzi akamathovokera kunja kwa kapu, mukukankha. Izi si zamasewera, chifukwa pa noti ya A4 timinofu timeneti timakumana ka 440 pa sekondi imodzi.

Pamene ophunzira ambiri amagwera ndi pa passaggio, malo amene mawu a m'chifuwa amasinthira kukhala a m'mutu. Kwa tenala (mwamuna woimba mawu okwera) amakhala cha pa noti za E4 mpaka F#4. Apa mawu amathyoka, kapena woimba amawakokera pamwamba ndi mphamvu mpaka khosi kutsekeka. Mu opera mankhwala ake ndi kusintha pang'ono mawonekedwe a kamwa: "a" amapendekera ku "o", "i" amapatsidwa malo ambiri m'kamwa, ndipo mawu amachepetsedwa noti ziwiri musanafike pamalopo, osati mutafika kale. Woimba belting amachita zosiyana, amasunga "a" wowala, koma amapepuza mawu akamakwera. Kuphunzira njira ziwirizi n'kotheka, koma osazisakaniza m'nyimbo imodzi mosadziwa chimene mukuchita.

Nyimbo yatsopano isayambidwe ndi kuimba. Lankhulani mawu ake kaye, makamaka ngati ndi Chitaliyana, Chijeremani kapena Chifalansa, kenako muwalankhule motsatira kugunda kwa nyimbo, kenako muimbe pa "u" yekha, mawu enieni abwere pomaliza. Lembani ndi pensulo pamene mupumire. Pa zoyeserera zazitali oimba odziwa ntchito saimba ndi mawu onse. Amatsitsa noti zapamwamba kapena kuimba chapansipansi. Wa sewero loimba ayeserere akuyenda ndi kuvina, popeza kuimba uli wefuwefu n'kosiyana ndi kuimba utaima pafupi ndi piyano.

Madzi amene mumamwa sakhudza timinofu ta mawu, amapita kummero wa chakudya, ndipo pamatenga maola kuti thupi liwafikitse kumeneko. Imwani kuyambira m'mawa, osati mphindi zisanu musanakwere siteji. Chimene chimafika msanga ndi nthunzi ya madzi otentha. Musagone pasanathe maola atatu mutadya, chifukwa asidi wa m'mimba amakwera n'kuwotcha kholingo, n'chifukwa chake ena amadzuka mawu atalemera. Kunong'ona ndi kukhosomola pochotsa makhololo kumapweteka kholingo kuposa kulankhula mofatsa. Asipirini amachititsa kuti timitsempha tituluke magazi mosavuta, ndiye funsani dokotala musanamwe pa tsiku loimba. Mawu akazimirira mwadzidzidzi pakati pa nyimbo, siyani pomwepo. Akasasa kupitirira masabata awiri, dokotala wa makutu, mphuno ndi mmero ayang'ane m'kholingo ndi kamera, poti tizotupa ta pa timinofu ta mawu tikapezeka msanga nthawi zambiri timatha ndi kupuma komanso kusintha kaimbidwe, popanda opaleshoni.