Katochi ka m'thumba, musanamizidwe ndi manambala a pa katoni

Kukhala ku Zomba kuno opanda tochi ndi kudzizunza dala. Magetsi akangothima madzulo, yesani kuyenda njira za ku Chikanda kapena kukwera mitunda ya ku Chinamwali nthawi ya mvula, ngalande zitadzadza, mungoponda polakwika kamodzi basi mwalowa m'matope mpaka m'mawondo. Ambiri amangoyatsa ya pafoni, sindikutsutsa imathandiza, koma kuwala kwake kumangomwazika pafupi sikuponya patali, chaji ikuthera pomwepo yomwe mukanaimbira wa kabaza, komanso kuyenda usiku foni ili m'manja ikuwala ndi kudziitanira akuba. Ndiye katochi kolowa m'thumba nkofunika ndithu, nkhani ndi yoti mugule kati.

Poyamba tiyeni tithane ndi ma lumen. Lumen ndi muyeso wa kuwala konse komwe tochi ikutulutsa, ndipo apa mpomwe ogulitsa amatipusitsira. Mupeza katochi kofanana ndi chala, kali pa benchi mu msika, pa katoni palembedwa 10000 lumens, ena mpaka 90000. Bodza lenileni. Nambala imeneyo amangosindikiza. Makampani odziwika ngati Fenix, Nitecore ndi Olight amayeza motsatira ndondomeko yotchedwa ANSI FL1 yomwe inayamba mu 2009, ndipo katochi ka Olight i3T ka batire imodzi ya AAA amakalemba 180 lumens basi, koma mukakayatsa mumdima kamaposa tambiri ta ma zero ambiri tija. Komanso dziwani kuti mu ndondomeko yomweyo akamati tochi imayaka maola mwakuti, amawerengera mpaka kuwala kutatsika kufika pa 10 peresenti ya poyamba, ndiye maola omalizawo musayembekezere zambiri, kamakhala kakungofuka. Ngakhale tochi yabwino yomwe, mukaika pa turbo, kuwala kwake kwakukulu kotheratu kuja, imatentha m'manja ndipo pakangopita timphindi tochepa imatsitsa yokha kuwala kuti LED, kababu kake, isapse.

Ine ndimati yambani ndi batire, zina zonse pambuyo. Dzifunseni kuti ikatha mukaipeza kuti ina.

Ya AA ndi AAA ili paliponse, pa okala ya m'mudzi ku Jali kapena ku Thondwe mupeza, ndiye ngati mumayenda kumudzi pafupipafupi imeneyi ndiye yanu. Vuto lake mabatire otchipa aja sachedwa kutha ndipo mukawaiwala mkati amachucha, mukadzatsegula mupeza sipuling'i yayera mbuu ndi zinthu zangati mchere, tochi yafa. Ngati simukuigwiritsa ntchito chotsanimo. Mukakhala ndi kangachepe gulani otchaja a NiMH, amalembedwa 1.2V, mtundu wa Eneloop ndi wodziwika posunga moto nthawi yaitali. AA imasunga mphamvu yoposa kawiri ya AAA ndiye ngati thumba likulola, tengani ya AA.

Kenako pali batire ya 18650, ya lithium, 3.7V, ikadzadza imafika 4.2V. Dzinalo ndi kukula kwake, mamilimita 18 m'mimba ndi 65 mulitali, ndi omwe mumawapeza mukaphwasula batire ya laputopu yakale. Tochi ya batire imeneyi ngati Convoy S2+ imakula pang'ono koma imalowabe m'thumba ndipo pa kuwala kochepa imakutengerani usiku wonse. Koma apa samalani kwambiri abale, chinyengo chake nchachikulu. Yeniyeni ya Samsung, LG kapena Panasonic imathera cha m'ma 3500mAh (mAh ndi muyeso wa moto womwe batire imasunga), ndiye mukaona yofiira kapena yabuluu yolembedwa 9900mAh ingoisiyani. Inyamuleni m'manja, yeniyeni imalemera pafupifupi magalamu 45, yabodza imapepuka moti dzanja lokha limakuuzani kuti mkati mulibe kanthu. Ndipo ya pulasitiki wong'ambika musaike m'thumba limodzi ndi makiyi kapena makobidi, ikagundana ndi chitsulo imatentha mpaka kuyaka moto, izi si zocheza. Palinso ina ya 14500 yofanana ndendende ndi AA koma ndi 3.7V, mukaika mu tochi ya AA wamba yomwe sinapangidwire zimenezo mwaotcha.

Zokhala ndi batire yomatiratu mkati zotchaja pa USB nzabwino kwa anthu a mutauni, kungoti batire ikafa ndi tochi yomwe yapita. Ngati mwasankha yotere onetsetsani kuti ndi Type-C kuti muzigwiritsa chingwe chomwecho cha foni, ndipo kachivindikiro ka labala ka pobayira chingwe kakhale kokhwima, tofewa tija timaduka msanga kenako fumbi ndi madzi zimalowera pomwepo.

Chimene anthu safunsa nkomwe, koma ine ndimachiona chachikulu kuposa turbo, ndi kuwala kochepa kwenikweni. Kusaka machesi, kuona mwana mu neti osamudzutsa, kuwerenga mita, kulemba manambala a mayunitsi, zonsezi ma lumen 5 kapena 10 akwana ndipo batire imakhala masiku. Kuyenda panjira 50 mpaka 100 ndi okwanira bwinobwino. Ndiye tochi yomwe imayambira pa kuwala kwakukulu kenako kuti muzimitse mudutse kaye pa kuphethira kuja kokhala ngati disiko ya pa Mpondabwino, ayi zikomo, anthu onse m'nyumba adzuka. Yabwino imayambira pansi kapena imakumbukira pomwe munasiyira.

Tochi za zoom zija ana amazikonda, kukoka mutu kuwala nkukhala kabokosi pa khoma la aneba. Koma mutu woyendayendawo sutsekeka bwino, umakoka chinyezi, ndipo mukakoka kuti iponye patali kuwala kwambiri kumatayikira mkati momwemo. Kuno mvula yake mukuidziwa ikatsika kuchokera m'phirimu. Onani pa katoni chizindikiro cha kupirira madzi, IPX4 ndi yopirira madontho chabe, IPX7 ndiye imapirira kumira mita imodzi kwa mphindi 30, ngakhale pa totchipa tija nazonso amangolemba, ndiye masulani kumatako kwake muone ngati pali kamphira kozungulira pa mazinga. Palibe kamphira, palibe chitetezo.

Mtundu wa kuwala nawonso. Koyera kopita ku buluu, cha m'ma 6500K, mu shopu kumaoneka kowala kwambiri, koma kwerani ku Chawe mu June chifunga chitatsika, kumangobwerera m'maso mwanu. Kofiirira pang'ono, cha m'ma 4000K, sikuthobwa m'maso ndipo mitundu imaoneka bwino, mumasiyanitsa msanga kamtengo ndi njoka m'mbali mwa Likangala.

Musanapereke ndalama muuzeni wogulitsa aikemo batire, yatsani, igwedezeni, imenyeni pang'ono pachikhatho. Ikaphethira ndiye kuti mkati sizikugwirana bwino. Dinani switchi kangapo mumve ngati ikulira mofanana nthawi zonse, chifukwa switchi ndiye imayamba kufa, LED yokha siifa wamba. Thupi likhale la aluminiyamu, pakhale kopanira pathumba kolimba. Ndipo mukaiponya m'chikwama masulani kumatako pang'ono kuti isayake yokha, pa zambiri za aluminiyamu zimatheka, yesani pomwepo pa benchi muone ngati yanuyo ikuzima.