Mmene alamu anga anakhalira phungu wanga

Ma token, ndalama za pa intaneti zija za crypto, ndinawapeza mwamwayi. Gulu lina la pa intaneti, la mtundu umene amati DAO, loyendetsedwa ndi mavoti a eni ma token ake, linagawira ulere anthu amene tinkagwiritsa ntchito pulogalamu yake. Nditamva kuti token iliyonse ndi voti, mutu unakula. Kenaka kunabwera ganizo loti atape ndalama zambiri m'thumba la gululo, ndipo ine ndinawerenga mpaka maso kufiira, n'kutsimikiza mtima kuti ndikana.

Kuvota kusanayambe ndinati ndikaone mphamvu zanga zovotera. Panalembedwa 0. Ma token ali phee mu waleti, kachikwama ka pa foni kosungira ma token, koma voti palibe. Kumeneku token siivota yokha ayi. Umayamba watchula adiresi ya waleti yoti izikuvotera, ngakhale wovotayo akhale iwe mwini. Dongosololi linatchuka ndi gulu la crypto la Compound mu 2020, a gulu linzake la Uniswap n'kutengera. A gulu lina lotchedwa ENS pogawa ma token awo mu 2021 ankamufunsa munthu pomwepo kuti asankhe nthumwi, koma ife kunalibe wotikumbutsa.

Ndinati palibe vuto, ndidzisankha ndekha. Ndinamata adiresi, kulipira gasi, ndalama yolipirira ntchito pa netiweki ya Ethereum, uku mtima ukuwawa, n'kukagona. Kumbukirani kuti ma adiresi onsewa amayamba ndi 0x, kenaka zilembo zosawerengeka. Imene foni inasunga inali ya alamu anga, amene ndinawatumizira kangachepe dzulo lake.

Tsiku lovota, mphamvu yanga 0 yomwe ija. Nditafufuza bwino, ndinaimba foni.

"Alamu, mavoti anga ali kwa inu."

"Ndalama zanu zabwera kwa ine?" Mawu awo anasangalala msanga kwambiri.

Ndinawafotokozera kuti ma token akadali anga, sangagulitse ngakhale imodzi, iwo angotenga mawu okha. Anakhala chete pang'ono, kenaka anati, "Ndiye kuti ndine phungu wanu. Muzinditchula Olemekezeka."

Ndinathamanga kukasintha nthumwi, poti zimenezo umatha kuchita nthawi iliyonse. Gasi winanso anapita. Koma mphamvu za aliyense amaziwerenga pa buloko imodzi ya poyambira kuvota (buloko ili ngati tsamba la kaundula wa Ethereum), kuopa kuti munthu angavote, n'kusamutsa ma token, n'kuvotanso. Pa buloko imeneyo mwini mawu anga anali alamu, ndipo palibe khoti lokadandaulako.

Kampeni inayamba. Ndinawalembera ndime zitalizitali pa WhatsApp, iwo n'kumayankha kuti ofesi yawo yalandira nkhawa zanga. Anaitanitsa mayunitsi oti "akafunse anthu akudera". Anthu akudera ndinali ine ndekha. Mkazi wanga, mlongo wawo, m'malo mondithandiza anangoti achimwene ake anabadwa ndi utsogoleri.

Madzulo ake ananditumizira chithunzi. Avota kuti inde. Chifukwa chake? Batani lobiriwira linkaoneka laulemu, lofiira linkaoneka ngati la munthu wokonda mikangano.

Zotsatira zitatuluka ndinaona kuti nthumwi zingapo zikuluzikulu, zonyamula mavoti mamiliyoni, zinali zitamaliza kale nkhaniyo. Kuti mumvetse kukula kwa masewerawa, ku Uniswap pamafunika mavoti a token yawo ya UNI okwana 40 miliyoni kuti ganizo lidutse. Kavoti kathu kanali pansi penipeni pa mndandanda, koma alamu anakajambula n'kukaika pa sitetasi.

M'mawa mwake anatumiza uthenga wina: kuvota kunawadyera gasi, ndipo phungu salipira m'thumba mwake. Mkazi wanga anagwirizana nazo. Ndinatumiza, adiresi yake nditaiwerenga chilembo ndi chilembo.