Zomwe ndikuphunzira m'buku la Maliro

Pa kalasi yathu ya Baibulo kuno ku Bangula tili pa buku la Maliro. Ambiri timadziwa mavesi awiri okha, 3:22-23, onena kuti chifundo cha Yehova sichitha, chimaoneka chatsopano m'mawa ndi m'mawa. Abusa anakana kuti tiyambire pamenepo. Anati tiyambe chaputala 1, tiziyenda nalo pang'onopang'ono.

Bukuli ndi kulira kwa anthu a ku Yerusalemu, mzinda umene Nebukadinezara mfumu ya Babulo anaugwetsa zaka pafupifupi 586 Yesu asanabadwe. Kachisi anatenthedwa, anthu ambiri anatengedwa ukapolo. Wolembayo sabisa kanthu. Pa 4:4 ana akupempha chakudya koma palibe wowapatsa. Pa 5:4 akudandaula kuti madzi akumwa ndi nkhuni zomwe akuchita kugula. Titafika pamenepa, mayi wina amene anakhala pa msasa nthawi ya namondwe wa Freddy mu Marichi 2023 anati, "Abusa, munthu ameneyu anali nafe kodi?" Anafotokoza za ufa wogawana ndi kambale, za kuphikira mapesi onyowa, ndi za dimba lawo limene Shire analikwirira ndi mchenga mpaka malire osaoneka.

Chimene chandigwira mtima n'chakuti mavesi okondedwa aja ali pakati penipeni pa kulirako. Pa 3:18 munthu yemweyo wangonena kumene kuti mphamvu zake ndi chiyembekezo chake zatha. Mavesi ochepa kutsogolo akuti Mulungu ndi wokhulupirika. Pakati apa palibe chasintha ayi. Malinga a mzindawo ali chigwere, ana adakali ndi njala, ndipo kubwerera kwa akapolo kunadzachitika patapita zaka pafupifupi 50, Koresi mfumu ya Perisiya atalanda Babulo. Wolembayo sanadikire kuti zinthu zikonzeke. Anangokumbukira kuti Yehova ndi wotani, n'kugwira pomwepo.

Kuno kuchigwa izi si nkhani zakutali. Madzi anatisesa mu 2015, anabweranso ndi namondwe wa Idai mu 2019, wa Ana mu 2022, kenaka Freddy. Anzathu a ku Makhanga, kumene Ruo amasefukira, amanga ndi kumanganso. Tikanati kukhulupirika kwa Mulungu tiziyesa ndi nkhokwe yodzaza mapira, bwenzi ambirife titasiya kale kupemphera.

N'chifukwa chake zimandipweteka ndikamva Mkhristu akuuza wofedwa kapena wogwetsedwa nyumba kuti, "Musalire, mukuchimwira Mulungu." Mulungu yemweyo analola kuti buku lathunthu la misozi likhale m'Malemba ake. Agogo amene ataya mbuzi zawo zonse alire ndithu, ife tikhale nawo pamphasa, ndipo tikamapemphera titchule dzina la chimene chatayika.

Lamlungu likubwerali timaliza chaputala 5. Ndachiwerengeratu kunyumba. Sichitha ndi chigonjetso, chimatha anthu akupempha kuti Yehova awabweze kwa Iye, uku akufunsa ngati wawakaniratu. Ndikufuna ndikawafunse abusa ngati pemphero lotere tingalipemphere mokweza m'tchalitchi mvula ikayamba.