Lipoti la ulendo wa aphunzitsi ku Liwonde

Loweruka lapitali ife aphunzitsi oyang'anira makalabu a zachilengedwe m'sukulu za kuno ku Zomba tinapita kunkhalango yosungirako nyama ya Liwonde, m'boma la Machinga. Tinalowera pageti la kufupi ndi phiri la Chinguni.

Ambiri tinkangofuna kuona mikango, koma msilikali woteteza nyama amene anatiperekeza anayamba ndi kutionetsa misampha ya waya yadzimbiri, ina yopangidwa ndi nthambo za mabuleki a njinga. Kuyambira 2015, pamene bungwe la African Parks linayamba kuyendetsa nkhalangoyi mogwirizana ndi boma, misampha yotere yoposa 40,000 yachotsedwa m'tchire la masikweya kilomita 548. Wotchera amafuna nswala kapena njiri ya ndiwo, koma waya sasankha. Amadula chitamba cha njovu, amakola mwendo wa mkango, ndipo mwini msampha akachedwa kuwonjola, nyama imangowolera pomwepo osadyedwa. Kwa ine, ili ndilo phunziro lalikulu la ulendowu. M'kalasi timakonda kunena za mbava za mfuti zosaka minyanga, pomwe waya wotchipa, amene ana athu amamudziwa bwino, ndiye anapulula nyama zambiri kuno.

Misampha itachepa, nyama zinayamba kubwezeredwa: akakwiyo mu 2017, mikango mu 2018, zipembere zakuda 17 zochokera ku South Africa mu 2019, kenako mimbulu mu 2021. Chipembere sitinachione, chimabisala m'zitsamba zowirira, ndipo osamalira salengeza kumene chili poopa ofuna nyanga yake. Miimba yokha tinaiona ikuzungulira m'mwamba. Nayonso inali itasowa, ndipo inabwerera pamene nyama zolusa zinayambanso kusiya zotsala.

Masana tinakwera boti pamtsinje wa Shire. Mvuu, ng'ona, njovu zikumwa madzi m'munsi mwa migwalangwa, zonse zinalipo. Njovu zinachulukana mpaka nkhalango kuchepa, n'chifukwa chake mazana a izo anasamutsidwira ku Nkhotakota mu 2016 ndi 2017, ndipo zina 263 zinapita ku Kasungu mu 2022.

Pobwerera m'basi munabuka mtsutso. Mayi wina mwa ife, amene kwawo ndi kufupi ndi mpanda wamagetsi wozungulira nkhalangoyi, anati n'kosavuta kukonda njovu ngati sinakudyerepo chimanga usiku umodzi munda wonse. Anavomereza kuti mpandawo wachepetsa vutoli, koma anafunsa kuti munthu amene kale ankapeza ndiwo ndi nkhuni m'tchiremo akupindula chiyani lero. Ena anatchula ntchito ndi ulimi wa njuchi, ena anati n'zochepa poyerekeza ndi unyinji wa anthu ozungulira nkhalangoyi. Sitinagwirizane.

Chomwe tinamanga n'chakuti ulendo wa ophunzira ukhale ndi mbali ziwiri: m'mawa m'nkhalango, masana m'mudzi wa kunja kwa mpanda kukacheza ndi amfumu ndi alimi. Komiti ikambirana za ndalama zoyendera pamsonkhano wotsatira.