Nyemba 12 za pamkeka

Dzulo ku banki m'khonde kwathu ndinaona zondigometsa. Mnyamata wina wophunzira bwino anaima kufotokoza za chiwongoladzanja, manambala ali mbwee papepala. Zonse zinali zoona, koma azimayi anayamba kuyasamula, ena maso pa foni.

Kenako mayi wina wachikulire anadzuka, kutola nyemba 10 n'kuziyala pamkeka. "Izi ndiye mwabwereka. Pobweza muonjezerapo ziwirizi." Basi, aliyense anagwedeza mutu. Asanakhale pansi anayambitsa kanyimbo kokumbutsa tsiku lobweza ngongole, gulu lonse m'manja!

Zinandikumbutsa Howard Gardner, katswiri wa maphunziro wa ku yunivesite ya Harvard ku America, amene mu 1983 ananena kuti nzeru si zamtundu umodzi. Anatchula mitundu 7: za mawu, za masamu, za nyimbo, za thupi, za kuona zinthu ndi malo, za kumvetsa anzako, ndi za kudzidziwa wekha. Akatswiri ena amamutsutsa, amati zinazo ndi maluso chabe. Adzakangana okha. Ine ndinangoona kuti mayi aja anagwiritsa ntchito zingapo nthawi imodzi, chonsecho dzina la Gardner sanalimvepo.

Mnyamata uja, ndimutayire kamtengo, sanakwiye. Anapempha nyembazo kuti Loweruka akafotokozere nazo gulu la kutsidya.